Sitima ya Maine ndi nyuzipepala za ku New York: kodi atolankhani angalowetse dziko m'nkhondo?

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale pa sekondale wafunsa kuti: "Ndimamva kuti nkhondo ya America ndi Spain ya mu 1898 inayambitsidwa ndi nyuzipepala, sitima yankhondo ya America itaphulika ku Cuba. Kodi n'zoona? Nanga sitimayo anaiphulitsa ndani? Ana akandifunsa ndiziwayankha chiyani?"

Aphunzitsi, mwafunsa zinthu ziwiri, ndipo mayankho ake onse sangamusangalatse munthu wofuna nkhani yowongoka. Pa za amene anaphulitsa sitimayo, akatswiri ambiri omwe aunika umboni m'zaka zapitazi amati mwina palibe munthu anaiphulitsa, inaphulika yokha kuchokera m'kati. Pa za nyuzipepala, ine ndimati sizinayambitse nkhondoyo, koma zinawalanda atsogoleri chinthu chimodzi chomwe chikanatha kuiletsa, chomwe ndi mpata wodikira.

Sitimayo inali USS Maine. Inakocheza padoko la Havana, likulu la Cuba, pa 25 Januwale 1898, nthawi yomwe Cuba inali m'manja mwa atsamunda a ku Spain ndipo eni chilumbacho anali pankhondo yomenyera ufulu kuyambira mu Febuluwale 1895. Boma la America linati sitimayo yabwera kudzacheza mwaubale, koma aliyense ankadziwa kuti yabwera kudzayang'anira nzika za America ndi katundu wawo, poti masiku angapo m'mbuyomo mumzindamo munali zipolowe. Inakhala padokopo masabata atatu popanda chovuta. Usiku wa pa 15 Febuluwale, nthawi ili cha m'ma 9:40, mbali yake yakutsogolo inaphulika. Amalinyero ambiri anali atagona kale, ndipo malo awo ogona anali kutsogolo komweko, pafupi ndi zipinda zosungiramo wonga ndi zipolopolo. Mwa anthu pafupifupi 350 a m'sitimamo, anafa 266 tikawerengera ndi omwe anatsirizika pambuyo pake chifukwa cha mabala. Akuluakulu ambiri anapulumuka chifukwa zipinda zawo zinali kumbuyo.

Pali zinthu ziwiri za usiku umenewo zomwe ndingakonde ana anu azidziwe. Choyamba, ena mwa anthu omwe anathamangira kukavuula opulumuka m'madzi anali amalinyero a Spain, ochokera m'sitima yawo yankhondo yotchedwa Alfonso XII yomwe inali pafupi. Chachiwiri, kaputeni wa Maine, Charles Sigsbee, yemwe ngoziyo inamupeza akulemba kalata m'chipinda chake, anatumiza uthenga ku Washington usiku womwewo. Anafotokoza zomwe zachitika, kenako anapempha kuti anthu asafulumire kugamula mpaka patabwera lipoti lina. Munthu yemwe anali atangotaya anyamata ake oposa 250 ndiye ankakumbutsa dziko kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ku New York kunalibe wofuna kudekha. Mumzindawo munali nyuzipepala ziwiri zomwe zinkalimbirana owerenga ngati agalu pa fupa: New York World ya Joseph Pulitzer ndi New York Journal ya William Randolph Hearst, mwana wa mpondamatiki wa migodi. Hearst anagula nyuzipepalayo mu 1895. Zonse zinafika pogulitsidwa senti imodzi yokha, kotero phindu linali pa kuchuluka kwa ogula, ndipo ogula ankakopeka ndi mitu yankhani ikuluikulu ndi zithunzi zojambula pamanja. Pa 17 Febuluwale, pasanathe masiku awiri chichitikireni ngoziyo, munthu wofufuza asanalowe n'komwe m'madzi kukaona zibenthu za sitimayo, Journal inalemba pamwamba pa tsamba loyamba kuti kuwonongeka kwa Maine inali ntchito ya mdani. Inalonjeza madola 50,000 kwa aliyense woulula wochita chiwembuyo. Inaikaponso chithunzi cha sitimayo ili pamadzi, pansi pake pali bomba lolumikizidwa ndi mawaya opita kumtunda. Chithunzi chimenecho chinachokera m'mutu mwa wojambula, koma kwa munthu wogula nyuzipepala pamsewu chinaoneka ngati umboni. World inachenjerako pang'ono: inafunsa ngati linali bomba, n'kuika chizindikiro cha funso kumapeto. Chizindikirocho n'chaching'ono, zilembo za mutuwo zinali zazikulu. M'masiku amenewo nyuzipepala zonse ziwiri zinafika pogulitsa makope oposa miliyoni imodzi patsiku, ndipo posakhalitsa m'misewu munamveka mfuwu woti anthu akumbukire Maine ndipo Spain ipite kugehena.

Musaganize kuti moto umenewu unayaka pa nkhuni zaziwisi. Kwa zaka zitatu anthu a ku America anakhala akuwerenga za Cuba, ndipo zambiri zomwe ankawerenga zinali zoona. Mu 1896 Spain inatumiza mkulu wa asilikali Valeriano Weyler, yemwe pofuna kuti omenyera ufulu asowe chakudya ndi pobisala analamula kuti anthu a m'midzi asamutsidwire m'misasa yoyandikana ndi matauni. M'misasamo munalibe chakudya chokwanira kapena mankhwala, ndipo anthu oposa 100,000 anafa ndi njala ndi matenda. Nyuzipepala sizinapeke zimenezo. Zomwe zinachita n'kuthirako tsabola, n'kusakaniza zoona ndi zopeka mpaka wowerenga osathanso kusiyanitsa. Mu Okutobala 1897 mtolankhani wa Journal, Karl Decker, anathandiza mtsikana wa ku Cuba, Evangelina Cisneros, kuthawa m'ndende ku Havana, ndipo Hearst anamukonzera chikondwerero chachikulu ku New York. Apa nyuzipepala inali itasiya kulemba nkhani, inayamba kuzipanga yokha. Kenako pa 9 Febuluwale 1898, kutatsala masiku 6 kuti Maine iphulike, Journal inasindikiza kalata yachinsinsi ya kazembe wa Spain ku Washington, Enrique Dupuy de Lôme, yomwe inabedwa. M'kalatamo kazembeyo ankanena kuti pulezidenti wa America William McKinley ndi wofooka ndiponso wongofuna kuomberedwa m'manja ndi gulu. Kazembeyo anatula pansi udindo, koma chipongwecho chinali chikadali chamoto pamene uthenga wa ku Havana unafika.

Ndisanapitirire ndikuchenjezeni za kankhani kena komwe mudzakapeze m'mabuku ambiri. Amati Hearst anatumiza wojambula zithunzi Frederic Remington ku Cuba, ndipo iye atadandaula kuti kulibe nkhondo, Hearst anamuyankha kuti angopereka zithunzi, nkhondoyo apereka ndi iyeyo. Kankhanika n'kokoma, n'chifukwa chake sikafa. Koma uthenga umenewo sunapezekepo, Hearst anaukana, ndipo yemwe anayamba kuufalitsa mu 1901 ndi mtolankhani yemwe sanali ku Cuba panthawiyo. N'zoseketsa kuti nkhani yotchuka kwambiri yodzudzula utolankhani wabodza nayonso ilibe umboni. Chomwe chili choona n'chakuti nkhondo itayamba, Journal inafunsa owerenga ake patsamba loyamba ngati akuikonda "nkhondo ya Journal". Hearst ankafuna anthu akhulupirire kuti nkhondoyo ndi yake. Ife tisamuthandize kudzitama.

Ndikutero chifukwa nkhondo siilengezedwa ndi mkonzi wa nyuzipepala. McKinley sankaifuna. Anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya ku America ali mnyamata, analipo pa kumenyana koopsa kwa ku Antietam, ndipo ankanena kuti anaonapo mitembo itaunjikana ndipo safuna kudzaonanso. Amalonda akuluakulu ambiri nawonso poyamba sankaifuna, poti chuma chinali chitangoyamba kutsitsimuka pambuyo pa mavuto omwe anayamba mu 1893. Anthu otere sankatengeka ndi Hearst, ambiri ankamunyoza. Chomwe chinawatembenuza chinali china. Pa 17 Malichi senata Redfield Proctor wa ku Vermont, munthu wodekha ndiponso mnzake wa pulezidenti, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kufotokoza zomwe anaona ndi maso ake m'misasa ya ku Cuba. Anayankhula mosakweza mawu, mopanda zokometsera, ndipo ananena kuti anapita kumeneko akuganiza kuti nyuzipepala zikukokomeza. Anthu omwe ankati za m'nyuzipepala ndi za kandimverere yemwe anakanena za m'maluwa anamukhulupirira Proctor. Patangopita masiku ochepa, komiti yofufuza ya asilikali apamadzi a America, yotsogozedwa ndi kaputeni William Sampson, inatulutsa lipoti lake. Inati sitimayo inaphulitsidwa ndi bomba la m'madzi lomwe linayatsa wonga wa m'kati, koma inavomereza kuti sinapeze umboni woloza munthu kapena dziko lililonse. Mawu omalizawo anthu sanawamve. Mlandu unali utagamulidwa kale pa 17 Febuluwale.

Panalinso ena omwe ankaifuna nkhondoyo pa zifukwa zawo, Maine isanaphulike n'komwe. Theodore Roosevelt, yemwe anali wachiwiri kwa nduna yoona za asilikali apamadzi, ndi mnzake senata Henry Cabot Lodge ankafuna America ikhale ndi sitima zambiri zankhondo ndi zilumba zoimapo. Pa 25 Febuluwale, nduna yake John Long itachokapo, Roosevelt anatumiza uthenga kwa George Dewey, mkulu wa sitima za America ku Asia, kuti asonkhanitse sitima zake ku Hong Kong ndipo nkhondo ikayamba alunjike ku Philippines, zilumba zomwe nazonso zinali m'manja mwa Spain. Taonani mapu, aphunzitsi. Philippines ili kutali bwanji ndi Havana? Munthu wongofuna kubwezera imfa ya amalinyero 266 sayamba ndi kuloza mbali ina ya dziko lapansi. Onjezani apo ndalama za anthu a ku America pafupifupi madola 50 miliyoni zomwe zinali m'minda ya nzimbe ndi migodi ya ku Cuba, komanso chisankho cha aphungu chomwe chinkabwera mu Novembala chaka chomwecho. A chipani cha McKinley ankaopa kuti akapitiriza kuzengereza, otsutsa atenga nkhani ya ufulu wa Cuba n'kuwagwetsa nayo.

Apa ndi pomwe ntchito yeniyeni ya nyuzipepala ikuonekera. Zinachititsa kuti kudikira kuoneke ngati mantha, ndipo kukayika kuoneke ngati kugulitsa dziko. Katswiri wina wa zida m'gulu la asilikali apamadzi, Philip Alger, ananena poyera m'masiku oyambirira kuti kuphulika kotere kukufanana ndi kwa wonga wa m'sitima momwemo, osati kwa bomba lakunja. Roosevelt anakwiya n'kunena kuti munthuyo akuyankhulira Spain. Mfundo ya sayansi inasanduka funso loti uli mbali iti. Zinthu zikafika pamenepo, mtsogoleri wofuna kukambirana amatsala yekha, ndipo tsiku lililonse lomwe akudikira limamudyera mbiri. Pa 9 Malichi Nyumba ya Malamulo inavomereza madola 50 miliyoni okonzekera nkhondo popanda ndi mmodzi yemwe wotsutsa, lipoti la Sampson lisanatuluke.

Tisaiwale kuti ku Madrid, likulu la Spain, nakonso kunali nyuzipepala, ndipo zinkaimba ng'oma yomweyo chakumbali kwawo. Zinkajambula America ngati nkhumba yonenepa yosadziwa nkhondo, n'kumatamanda sitima za Spain ndi ulemerero wa makolo. Mkulu wa sitimazo, Pascual Cervera, ankalembera boma lake mobwerezabwereza kuti sitima zake sizili bwino ndipo kupita kunkhondo n'kukazitaya. Nduna yaikulu Práxedes Sagasta inali itamuchotsa kale Weyler ndi kupatsa Cuba ulamuliro wina wodziyendetsera zinthu zake. Chakumayambiriro kwa Epulo boma lake linavomeranso kuimitsa kumenyana. Koma kupereka ufulu wonse kwa Cuba silikanatha, poopa kuti asilikali ndi anthu okwiya agwetsa ufumu, womwe panthawiyo unali m'manja mwa mfumukazi María Cristina m'malo mwa mwana wake wamng'ono, Alfonso XIII. Atsogoleri a ku Spain anaona kuti kuluza Cuba pankhondo n'kopepukirako kusiyana ndi kuipereka pamanja. Maboma onse awiri anali atapanikizidwa ndi anthu awo omwe.

Zotsatira zake zinayenda msanga. Pa 11 Epulo McKinley anapempha mphamvu zolowerera ku Cuba, ndipo n'zochititsa chidwi kuti sananene kuti Spain ndiyo inaphulitsa Maine. Anangoti ngoziyo ikusonyeza kuti Spain yalephera kusungitsa bata ngakhale padoko lake. Pa 25 Epulo nkhondo inalengezedwa. Pa 1 Meyi Dewey anawononga sitima za Spain ku Manila m'dziko la Philippines, pa 3 Julayi za Cervera zinathera ku Santiago de Cuba monga mwini wake ananenera, ndipo pa 12 Ogasiti mfuti zinaleka. Asilikali a America omwe anafa pomenyana sanakwane 400, koma oposa 2,000 anafa ndi matenda monga taifodi. Pa pangano la ku Paris la pa 10 Disembala 1898, America inatenga Puerto Rico ndi Guam, n'kutenganso Philippines polipira madola 20 miliyoni. Anthu a ku Cuba, omwe nkhondoyo inkati ndi yowaombola, sanaitanidwe pa zokambiranazo. Anapeza ufulu mu 1902, koma womangidwa ndi lamulo lolola America kulowerera, ndipo malo a Guantánamo ku Cuba komweko omwe America inabwereka mu 1903 ikadali nawo mpaka lero. Ku Philippines kunabuka nkhondo ina mu 1899 yolimbana ndi atsamunda atsopanowo, ndipo anthu wamba pafupifupi 200,000 anafa ndi nkhondo, njala ndi matenda. Za amenewa mitu yankhani inali yaing'ono.

Kuti ana anu aone kuti kumira kwa sitima pakokha sikubala nkhondo, apatseni zitsanzo zina. Pa 12 Disembala 1937 ndege za Japan zinamiza sitima yankhondo ya America yotchedwa Panay mumtsinje wa Yangtze ku China, masanasana. Apa wolakwa ankadziwika, ndipo kanema wa chiwembucho anaonetsedwa m'nyumba zoonetsera mafilimu ku America. Nkhondo sinabuke. Japan inapepesa, inalipira madola oposa 2 miliyoni, ndipo anthu a ku America, omwe panthawiyo sankafuna kumva za nkhondo, analandira chipepesocho. Sitima yonyamula anthu ya ku Britain yotchedwa Lusitania itamizidwa ndi Germany pa 7 Meyi 1915, anthu pafupifupi 1,200 anafa, 128 mwa iwo a ku America, ndipo nyuzipepala zinalira mokweza, koma America inalowa nkhondo patapita pafupifupi zaka ziwiri, mu Epulo 1917.

Chitsanzo chomwe chimandiopsa ine ndi cha ku Vietnam, chifukwa kumeneko zinthu zinayenda mozondoka. Pa 2 Ogasiti 1964 sitima ya America yotchedwa Maddox inawomberana ndi mabwato a North Vietnam m'nyanja ya Tonkin. Usiku wa pa 4 Ogasiti kunamveka kuti yaukiridwanso. Patangopita maola ochepa mkulu wa sitimazo, John Herrick, anatumiza uthenga wokayikira, wonena kuti mwina nyengo yoipa inasokoneza makina awo ndipo ndi bwino kuunika kaye zonse musanachite kanthu. Mawu ake akufanana kwambiri ndi a Sigsbee aja. Pulezidenti Lyndon Johnson sanadikire. Analankhula pa wailesi yakanema usiku womwewo, ndege zinakaponya mabomba, ndipo pa 7 Ogasiti Nyumba ya Malamulo inamupatsa mphamvu zomenya nkhondo, masenata awiri okha ndi omwe anakana. Zikalata za boma la America zomwe zinatulutsidwa mu 2005 zinasonyeza kuti chiwembu chachiwiricho sichinachitike. Mu 1898 nyuzipepala zinathamanga kutsogolo boma likuzengereza. Mu 1964 boma ndi lomwe linathamanga, ndipo nyuzipepala zolemekezeka, zopanda mitu yaphokoso, zinangolemba zomwe zauzidwa. Choncho musawaphunzitse ana kuti vuto ndi nyuzipepala zaphokoso zokha.

Mukafuna phunziro logwira mtima m'kalasi, lembani pabolodi mawu a Sigsbee mbali ina ndi mutu wankhani wa Journal mbali ina, muike masiku ake, kenako muwafunse anawo kuti pa 17 Febuluwale munthu aliyense ankadziwa chiyani chenicheni.

Tsono tibwerere ku sitima ija. Akuluakulu a Spain ku Havana anachita kafukufuku wawo nthawi yomweyo n'kunena kuti kuphulikako kunachokera m'kati. Anati palibe anaona madzi akuthovokera m'mwamba monga zimakhalira bomba likaphulikira pansi pa madzi, ndipo padokopo sipanayandame nsomba zakufa. Ku America palibe anawamvera. Komiti ya Sampson inatsamira pa mfundo yakuti chitsulo cha pansi pa sitimayo chinapindikira m'mwamba, ngati chamenyedwa kuchokera kunja. Mu 1911 akatswiri a America anamanga khoma kuzungulira zibenthuzo, anapopa madzi onse, n'kuziunika zili poyera. Komiti yatsopano inanenanso za bomba lakunja, ngakhale inasintha malo omwe akuti linaphulikira.

Mu 1974 mkulu wina wa asilikali apamadzi a America, Hyman Rickover, yemwe amadziwika ndi ntchito yopanga sitima zoyendera mphamvu ya nyukiliya, anaitanitsa akatswiri kuti aunikenso zonse pogwiritsa ntchito zomwe zinaphunziridwa pa sitima zowonongeka pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. M'lipoti lomwe linatuluka mu 1976 ananena kuti kupindika kwa chitsulo kuja kungachitikenso ndi kuphulika kwa m'kati, ndipo panalibe chizindikiro cha bomba lakunja. Maganizo awo anagwera pa malasha. Sitima za nthawi imeneyo zinkayendera malasha, ndipo mtundu wina wa malasha ukaunjikidwa m'chipinda chotentha chopanda mpweya wokwanira umayamba kunyeka wokha pang'onopang'ono, popanda woyatsa. Zoterezi zinali zitachitikapo m'sitima zina za America m'zaka zomwezo. M'sitima ya Maine, chipinda china cha malasha chinalekanitsidwa ndi chipinda cha wonga ndi khoma limodzi lachitsulo. Khomalo likatentha mokwanira, zotsala zimachitika zokha. Kafukufuku wina wa pa kompyuta wa mu 1998 anasiya khomo la bomba lotsegukabe pang'ono, ndipo alipo akatswiri omwe amatsutsanabe, koma palibe amene anapezapo umboni wosonyeza kuti boma la Spain linalamula chiwembu. Ndipo tikaganiza bwino, Spain ndi yomwe inkayesetsa kupewa nkhondo ndi dziko lomwe inkadziwa kuti singalithe.

Akatswiri a Rickover anagwiritsa ntchito zithunzi ndi zolemba za mu 1911, chifukwa sitima yeniyeniyo panalibenso. Mu Malichi 1912 chomwe chinatsala cha Maine chinakokedwa kupita pakati pa nyanja kunja kwa Havana, n'kumizidwa mwaulemu m'madzi akuya, mbendera ili pamwamba. Mlongoti wake waukulu anautengera kumanda a asilikali a Arlington, pafupi ndi Washington, komwe kunaikidwa ambiri mwa anyamata aja.